Malipiro amodzi, malisiti awiri: sabata yokonza API ya bungwe la ngongole

Kalata ya mgwirizano yomwe ndinasainirana ndi bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama mumzinda wa Lilongwe inafotokoza ntchito yanga m'mizere iwiri yokha. Ndinayenera kukonza API yoti malipiro a ngongole omwe mamembala amatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba azilowa okha m'mabuku a bungwe, komanso kulangiza akuluakulu za zida zoyenera kumangira zimenezi. API ndi njira yomwe anthu amagwirizana kuti pulogalamu imodzi iziuzira kapena kufunsira inzake kanthu kudzera pa intaneti, popanda munthu wokhala pakati n'kumakopera manambala ndi manja. Pa pepala ntchitoyi imaoneka yaing'ono, ndipo mbali yolemba code, malangizo omwe kompyuta imatsatira, ndi yaing'onodi. Chomwe chimadya nthawi ndi kufufuza chimene chikuwavuta eni ake, chifukwa kawirikawiri chomwe alemba m'kalata si chomwe chimawasowetsa tulo.

Lolemba m'mawa tinakhala pansi ine, a manijala, mayi woyang'anira zachuma ndi mnyamata yekhayo wa IT pabungwepo. A manijala anali atangobwera kumene ku msonkhano wina wa zaukadaulo, ndipo anabwerako ndi mawu awiri omwe sankachoka pakamwa pawo, microservices (kugawa pulogalamu imodzi m'tizidutswa todziyendera patokha) ndi Kubernetes (chida choyendetsera mapulogalamu pa makompyuta ambiri). Ankafuna kuti chomwe timange chikhale chamakono, choti ngakhale mamembala atachuluka bwanji chisadzagwe. Mayi wa zachuma sanalankhule zambiri. Anatulutsa m'chikwama mapepala a Excel osindikiza, odzaza mizere yachikasu ya highlighter, n'kuwakankhira kutsogolo kwanga. "Achimwene," anatero, "ine za Kubernetes sindikuzidziwa. Ndikufuna kuti mwezi ukatha, nambala ya pa sitetimenti ya malipiro ifanane ndi nambala ya m'buku mwathu. Panopa sizifanana, ndipo amene amakalipidwa ndi mamembala ndi ine." Mzere uliwonse wachikasu unali malipiro ovuta. Ena analembedwa kawiri, ena sanalembedwe n'komwe moti membala analipitsidwa chindapusa pa ngongole yomwe anabweza pa nthawi yake, ndipo ena anagwera m'mwezi wolakwika.

Apa ndi pomwe ndinadziwira kuti API inalipo kale. Inamangidwa zaka zingapo zapitazo ndi munthu wina amene anachoka osasiya chikalata chilichonse chofotokoza mmene inkagwirira ntchito, ndipo code yake inkasungidwa m'mafayilo a zip omwe ankatumizirana pa WhatsApp, lomaliza lake lotchedwa final_new2. Mnyamata wa IT ndiye ankaidziwako pang'ono, chifukwa ikaima ndi iye amene ankazimitsa seva, kompyuta yomwe API inkakhalamo, n'kuiyatsanso. Ndinacheza naye masana onse, ndipo ndinapeza kuti chilankhulo cholembera mapulogalamu cha PHP amachidziwa bwino, Laravel, chida chomangira mapulogalamu mu PHP, anaphunzira yekha madzulo akaweruka, koma tsiku lake lonse limathera pa mapulinta, maimelo ndi mapasiwedi oiwalika a anzake. Ndinazisunga mumtima zimenezi, popeza ine ndikachoka ndi iyeyo amene adzatsale ndi chilichonse chomwe timange, ndipo ndi foni yake imene idzalire Loweruka usiku zinthu zikadzaima.

Lachiwiri lonse ndinalithera pa ma log, omwe ndi kaundula wa zonse zomwe seva yalandira ndi kuyankha, mzere ndi mzere, pamodzi ndi nthawi yake. Ndinatenga malipiro amodzi a K15,000 omwe mayi aja anawalemba chizindikiro kuti analowa kawiri, n'kuwatsatira kuyambira pomwe anafikira. Dongosolo lake ndi lotere: membala akalipira pa foni, kampani yomwe ili pakati pa bungweli ndi makampani a mafoni imatumiza uthenga ku seva ya bungwe wonena kuti nambala yakuti yalipira ndalama zakuti. Uthenga umenewu timautcha callback. Ikatumiza imadikira yankho, ndipo yankho loyenera ndi nambala 200, yomwe m'malamulo a HTTP oyendetsera mauthenga pa intaneti imatanthauza kuti uthenga walandiridwa bwino. Yankho likachedwa kupitirira nthawi yomwe anaika, wotumizayo amaganiza kuti uthenga watayika panjira ndipo amautumizanso. Palibe cholakwika pamenepa. Ndi mmene wotumiza aliyense wosamala amachitira, chifukwa kuli bwino kunena kawiri kusiyana ndi kuti ndalama ya munthu isadziwike kuti yafika.

Vuto linali pa kalandiridwe kathu. Pulogalamu yakaleyo ikalandira callback inkayamba yalemba malipiro mu database, nkhokwe yosungiramo zolemba za pulogalamu, kenako n'kuwerengera chiwongoladzanja chotsala, kenako n'kulumikizana ndi pulogalamu yaikulu ya mabuku, kenako n'kutumiza SMS kwa membala, ndipo zonsezi zikatha m'pamene inkayankha 200. Tsiku lomwe SMS ikuchedwa kutuluka, kapena intaneti ya paofesi ikukokeka, yankholo linkafika wotumiza atatopa kale kudikira. Uthenga wachiwiri ukabwera, pulogalamu sinkadzifunsa ngati inauonapo kale, koma inkangoulemba ngati malipiro atsopano. Mu log munali mizere iwiri yokhala ndi nambala imodzimodzi ya transaction, yosiyana nthawi ndi masekondi ochepa chabe, ndipo membalayo analandira ma SMS awiri omuthokoza. Zinkachitika kwambiri kumapeto kwa mwezi, pomwe anthu ambiri amalipira nthawi imodzi ndipo seva imalemedwa, ndiye kuti vuto linkakula pa nthawi yomweyo imene mayi wa zachuma ankafunika kutseka mabuku.

Mankhwala ake ndi odziwika kwa aliyense womanga mautumiki a pa intaneti okhudza ndalama, ndipo dzina lake ndi idempotency: uthenga umodzi, kaya ubwere kamodzi kaya kakhumi, zotsatira zake zikhale zofanana. Zili ngati kalaliki wa pamsika wa fodya amene sangalipire belo kawiri chifukwa choti tikiti yake yamudutsa kawiri pamaso. Amayang'ana nambala ya tikiti, osati kuchuluka kwa maulendo omwe yabwera. Mnyamata uja atamva zimenezi anafulumira kunena kuti tingowonjezera mzere woti pulogalamu iziyamba yafufuza ngati nambala ya transaction ilipo kale isanalembe. Maganizowo ndi abwino, koma ali ndi mpata womwe umagwetsa anthu ambiri. Mauthenga awiri akafika pafupifupi nthawi imodzi, onse awiri amafufuza, onse awiri amapeza kuti nambalayo palibe, ndipo onse awiri amalemba. Woyenera kukana ndi database yeniyeniyo, kudzera mu unique index, lamulo loletsa chinthu chimodzi kulembedwa kawiri, pa danga la nambala ya transaction, chifukwa database ndi yokhayo yomwe imaona zolemba zonse pamalo amodzi ndipo singalole ziwiri zofanana kulowa ngakhale zitafika pamodzi. Ikakana, pulogalamu imayankhabe 200 kwa wotumiza, popeza uthengawo tinaulandiradi, koma silembanso kanthu m'buku.

Chachiwiri chinali kusintha ndondomeko ya ntchito. Tinagwirizana kuti callback ikafika, pulogalamu izingosunga uthengawo mmene wabwerera n'kuyankha nthawi yomweyo, ndipo ntchito zolemera zija, kuwerengera, kuuza pulogalamu ya mabuku ndi kutumiza SMS, zizilowa pa mzere wodikira womwe timautcha queue, n'kumachitika pambuyo chimodzichimodzi. Ubwino wake ndi wakuti SMS ikakanika, imayesedwanso payokha popanda kukhudza malipiro. Laravel ili ndi queue yakeyake yomwe imatha kugwiritsa ntchito database yomwe ilipo kale, choncho sitinafunike kuika chida china chatsopano choti mnyamata uja adziphunzitsenso kuchisamalira.

Malipiro osowa aja anali ndi chifukwa china. Seva inali m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa ofesi, ndipo magetsi akazima usiku, batire ya UPS inkangoigwira kanthawi kochepa, jenereta n'kudikira mlonda kapena m'mawa. Wotumiza callback sayesa mpaka kalekale. Akayesa kangapo osayankhidwa amasiya. Membala amene analipira usiku woterewu ndalama yake inkachoka pa foni n'kufika ku akaunti ya bungwe, koma m'buku simunkaoneka kanthu. Pa zimenezi ndimakhala wouma mutu ndi kasitomala aliyense: callback ndi chidziwitso chofulumira chabe, si umboni womaliza. Pamafunika pulogalamu ina yomwe tsiku ndi tsiku imatenga mndandanda wa malipiro onse kuchokera kwa wotumiza n'kuufananitsa ndi zomwe zili m'buku, zosowa n'kuzilowetsa, zokayikitsa n'kuziika pambali kuti munthu aziyang'ane. Imeneyi ndi ntchito yomwe mayi wa zachuma ankaichita ndi highlighter mwezi ukatha, ndipo makina akamaichita m'mawa uliwonse, vuto limagwidwa lisanabale chindapusa.

Lachitatu sitinalembe code iliyonse. Tinalemba mgwirizano wa API, kutanthauza chikalata chonena kuti pulogalamu yathu imalandira mauthenga otani, okhala ndi madanga otani, ndipo imayankha chiyani zinthu zikayenda bwino ndi pamene zalakwika. Timalemba zimenezi mu OpenAPI, kalembedwe komwe kanayamba ndi dzina la Swagger kasanaperekedwe ku OpenAPI Initiative mu 2015, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu 2017. Ubwino wa fayilo imeneyi ndi wakuti munthu amatha kuiwerenga, komanso zida monga Postman zimaiwerenga n'kupanga zoyesera zokha. Makasitomala ambiri amaona ngati tsiku lotere ndi lotayika chifukwa palibe chooneka pa sikirini, koma mikangano yambiri ya m'tsogolo imathera pano, pamene munthu wa zachuma ndi munthu wa makompyuta akukakamizika kugwirizana tanthauzo la danga lililonse.

Danga loyamba kutivuta linali la nambala ya foni. M'buku la mamembala nambala yomweyo inkapezeka italembedwa m'njira zosiyanasiyana: wina anayamba ndi 0, wina ndi 265, wina ndi +265, ndipo wina anaika mipata pakati pa manambala monga mmene timalembera pa khadi. Kwa munthu zonsezi ndi nambala imodzi, koma kwa kompyuta ndi anthu anayi osiyana, ndipo malipiro ena ankalephera kupeza mwini wake pa chifukwa chokhachi. Tinagwirizana kuti nambala iliyonse izisungidwa m'kalembedwe kamodzi ka padziko lonse kotchedwa E.164, koyamba ndi +265 ndipo kopanda 0 wakutsogolo kapena mipata. Mayi aja anawonjezera mfundo yomwe ine sindikanaidziwa ndili pa desiki: mamembala ambiri salipira pa foni yawo. Mayi wa kumudzi amatumiza mwana wake, wina amalipira pa foni ya mwamuna wake, wina amapita kwa ejenti pa sitolo. Choncho nambala ya foni singakhale chizindikiro chokhacho cha membala, ndipo tinaika lamulo loti nambala ya umembala yomwe munthu amalemba polipira ndiyo iziyang'anidwa poyamba, foni izingothandizira, ndipo malipiro osadziwika mwini wake azisungidwa pa akaunti yodikirira m'malo mokanidwa.

Ndalama nazo zinali ndi nkhani yake. Pulogalamu yakale inkazisunga ngati float, mtundu wa nambala womwe kompyuta imauyerekeza chabe, moti mukaiuza kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2 m'zilankhulo zambiri za mapulogalamu imakupatsani 0.30000000000000004. Pa malipiro amodzi kusiyanako sikuoneka, koma chiwongoladzanja chikawerengeredwa miyezi yambiri pa ngongole zambiri, matambala amayamba kusochera. Ngakhale kuti tambala masiku ano sagula kanthu, akauntanti sangatseke buku lomwe lasiyana ndi tambala imodzi. Tinasankha kusunga ndalama zonse ngati manambala athunthu a matambala, K15,000 n'kukhala 1,500,000, ndipo kugawa ndi 100 kuzichitika pokhapokha poonetsa munthu. Za malipiro ogwera m'mwezi wolakwika zinali zosavuta kuzimvetsa titangoyang'ana wotchi ya seva. Inkayendera nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo nthawi, pamene nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri, kotero kuti munthu wolipira 1 koloko usiku wa pa 1 ankalembedwa kuti walipira 11 koloko usiku wa tsiku lomaliza la mwezi wathawo. Kusunga nthawi mu UTC si kulakwa, ndipo ndi mmene ndimalangizira. Cholakwika chinali kupanga malipoti a mwezi osabweza nthawiyo ku ya kuno.

Panalinso pulogalamu yaikulu ya mabuku yomwe bungweli linagula kunja kalekale. Imeneyi imalankhula SOAP, njira yakale yotumizira mauthenga m'kalembedwe ka XML, pamene API yathu ndi ya wotumiza malipiro zimagwiritsa ntchito kalembedwe kena kotchedwa JSON motsatira kamangidwe ka REST, komwe Roy Fielding anakafotokoza mu 2000. Achinyamata ambiri akaona SOAP amafuna kuigwetsa tsiku lomwelo, koma pulogalamu imeneyi ndi yomwe maodita amaikhulupirira, ndipo imagwira ntchito yake. Tinangolemba kagawo kakang'ono komasulira mauthenga pakati pa ziwirizi, n'kukaika pamalo amodzi, kuti tsiku lomwe bungwe lidzasinthe pulogalamu ya mabuku adzangosintha kagawo kameneka basi.

Nkhani ya zida inafika Lachinayi, ndipo ndinadziwa kuti a manijala sakondwa ndi zomwe ndikawauze. Ndinawafotokozera kuti Kubernetes, yomwe Google inatulutsa mu 2014, ndi chida chabwino kwa makampani okhala ndi mapulogalamu ambirimbiri pa maseva ambirimbiri ndi magulu a anthu owayang'anira usana ndi usiku. Microservices nayonso imathetsa vuto la magulu ambiri a olemba mapulogalamu omwe akupondana mapazi pa pulogalamu imodzi. Bungweli lili ndi wolemba mapulogalamu mmodzi, amenenso ndi wokonza mapulinta. Kugawa pulogalamu yake m'zidutswa zisanu kungangomupatsa malo asanu oti afufuzemo vuto pakati pa usiku. "Abwana," ndinatero, "ndikhoza kukumangirani zimenezo, ndipo invoyisi yanga ikhala yonenepa. Koma ndikachoka muzindiimbira mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo uliwonse muzilipira." Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati zomwe ndikunenazo zingapirire mamembala atachuluka kawiri kapena katatu. Ndinawaonetsa kuchuluka kwa mauthenga a tsiku lotanganidwa kwambiri m'ma log awo omwe, ndi mmene seva imodzi yokonzedwa bwino imanyamulira zoposa pamenepo kutalitali. Manambala awo omwe ndi amene anawagonjetsa, osati mawu anga.

Tinatsala ndi Laravel chifukwa ndi yomwe mnyamata uja amaidziwa, komanso chifukwa anthu odziwa PHP savuta kuwapeza mu Lilongwe kapena Blantyre iye atachoka. Database tinasiya MySQL yomwe inalipo. Ine pandekha ndimakonda PostgreSQL, ndipo ntchito yatsopano ndikadayambira pamenepo, koma kusamutsa mbiri ya ngongole za anthu pofuna kukondweretsa mlangizi si chifukwa chokwanira, makamaka pamene MySQL ili ndi unique index ndi zina zomwe tinkafuna. Chomwe sindinalole kuti tikambirane chinali Git, chida chosungira code ndi mbiri yake. Code yonse tinaichotsa m'mafayilo a zip aja n'kuiika mu Git kuti kusintha kulikonse kuzidziwika wakuchita, tsiku lake ndi chifukwa chake. Posamutsapo tinapeza kuti pasiwedi ya database ndi makiyi a API anali olembedwa mkati mwa code momwemo, kutanthauza kuti aliyense amene analandirapo zip ija pa foni yake anali nazo. Tinazisintha zonse tsiku lomwelo n'kuziika m'fayilo yapadera yomwe silowa mu Git.

Funso lovuta kwambiri linali loti seva ikhale kuti, ndipo pano panalibe yankho loyera mbali zonse. Kachipinda ka kuseri kaja kanali katadzionetsa kale kuti sikangadaliridwe. Makampani akuluakulu a cloud, obwereketsa maseva kudzera pa intaneti, tsopano ali pafupi nafe kusiyana ndi kale, popeza Microsoft inatsegula malo ake a Azure ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019 ndipo AWS inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, choncho mauthenga sachita kuzungulira ku Ulaya. Koma amenewa amalipiritsa m'madola, ndipo mayi wa zachuma anatikumbutsa zomwe aliyense wopanga bajeti m'dziko muno sanaiwale, kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti bilu iliyonse ya madola inalumpha usiku umodzi. Kupezanso ndalama zakunja zolipirira mwezi ndi mwezi si chinthu choti n'kuchiyesa chapafupi, ndipo seva yomwe bilu yake yalephereka imazimitsidwa mosanyengerera. Mbali ina ndi ya malamulo. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe linapatsa MACRA udindo woyang'anira katetezedwe ka zinsinsi za anthu, lili ndi zofunika kutsatira potumiza data ya anthu kunja kwa dziko, ndipo mayina, manambala a foni ndi ngongole za mamembala ndi data yotereyi. Ine si loya, choncho ndinalemba mu lipoti kuti loya wa bungwe aunike mbali imeneyi asanasankhe zakunja. Pakadali pano tinagwirizana zobwereka seva m'malo osungira maseva a kampani ina ya m'dziko momwe muno, yolipiritsa m'makwacha ndiponso yokhala ndi magetsi odalirika, ndipo backup, kope la data yonse, yotsekedwa ndi encryption kuti wina asaiwerenge, izisungidwa pamalo ena osiyana.

Pa backup ndinapempha chinthu chimodzi chomwe anthu amachizemba. Mnyamata uja ananena kuti backup imachitika usiku uliwonse, ndipo ndinamupempha kuti atenge ya dzulo lake n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina ine ndikuona. Inabwerera bwinobwino, zomwe zinamusangalatsa iye kuposa ine, koma zinamutengera nthawi yaitali chifukwa ankachita kukumbukira masitepe. Tinawalemba masitepewo patsamba limodzi, iye akunena ine ndikulemba.

Masana a tsiku lomwelo a manijala anandiitana paokha n'kufunsa ngati, popeza ndili kale pano, ndingawapangirenso app ya pa Play Store yoti mamembala aziona ngongole zawo. Zopempha zotere zimabwera pa ntchito iliyonse, ndipo mlangizi amene amavomera zonse pofuna kuoneka wabwino amamaliza wosatsiriza chilichonse. Ndinawayankha mwaulemu kuti imeneyo ndi ntchito ina yofuna mgwirizano wake, ndiponso kuti asanawononge ndalama afunse kaye kuti ndi mamembala angati omwe ali ndi mafoni amakono ndi bandulo yokwanira. Mwa zomwe ndinaona m'buku lawo, ambiri ndi alimi ndi ochita mabizinesi ang'onoang'ono omwe amalipira kudzera pa USSD pa kafoni ka mabatani, ndipo kwa iwo SMS yolondola yofika pa nthawi yake ili ndi phindu kuposa app. API yomwe tikumangayi idzatha kutumikira app kapena USSD tsiku lomwe adzasankhe.

Lachisanu linali loyesa, ndipo kuyesa kwenikweni ndi kuyesa kuswa. Pa sandbox, omwe ndi malo oyeserera opanda ndalama zenizeni, tinatumiza callback imodzi mobwerezabwereza ndi Postman, kenako ndi kapulogalamu kotumiza makope ambiri nthawi imodzi, ndipo m'buku munalowa mzere umodzi wokha. Tinazula waya wa netiweki pulogalamu ili mkati molankhula ndi ya mabuku, ndipo titabwezera, queue inapitiriza pomwe inasiyira. Tinazimitsa seva, n'kupanga malipiro ili yozima, ndipo pulogalamu yofananitsa ija inawatola titaiyatsa. Kenako ndinamuuza mnyamata uja kuti atenge laputopu yake, adziyese ngati wakuba wodziwa adiresi ya callback, n'kutumiza uthenga wabodza wonena kuti iye walipira K500,000. Pa pulogalamu yakale, yomwe tinaikopera pambali, uthengawo unalowa ndipo ngongole inachepa popanda funso lililonse. Anakhala kanthawi akuyang'ana sikirini osanena kanthu. Pa yatsopano unakanidwa, chifukwa tsopano seva imalandira callback kuchokera ku makompyuta odziwika okha, poyang'ana IP adiresi yawo ya pa intaneti, ndipo isanalembe malipiro m'buku imafunsanso wotumiza weniweni ngati nambala ya transaction imeneyo ilipodi ndi ndalama zomwezo. Tinaikanso satifiketi ya HTTPS, yotetezera mauthenga panjira, ya Let's Encrypt, yomwe ndi yaulere koma imatha pakapita masiku 90, choncho tinaonetsetsa kuti ikudzikonzanso yokha ndiponso kuti itumize chenjezo ku imelo yomwe munthu amaiwerengadi.

Choyesa chomaliza chinali SMS, ndipo panatuluka kanthu kakang'ono kokhudza bilu. Uthenga wothokoza membala unali ndi chilembo cha ŵ m'mawu ena. SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma mukalowa chilembo chimodzi chomwe mulibe mu mndandanda wa zilembo za SMS wotchedwa GSM, uthenga wonse umasintha kalembedwe n'kumanyamula zilembo 70 zokha, ndipo uthenga womwe unkayesedwa umodzi unkalipiridwa ngati atatu. Tinaulembanso mwachidule, wokhala ndi ndalama zolipidwa, zotsala ndi nambala ya lisiti, ndipo mayi wa zachuma ndi amene anasankha mawu ake, popeza ndi iwo amene amadziwa zomwe mamembala amabwera kudzafunsa pa kauntala.

Kuika pulogalamu pa seva yatsopano sindinakuchite ine. Ndinakhala pambali manja ali m'thumba, mnyamata uja akutsatira masitepe omwe tinalemba, ndipo pomwe anakakamira tinakonza chikalatacho osati kumulanda kiyibodi. Pulogalamu yatsopano iyenda limodzi ndi yakale mpaka mwezi uthe, yatsopano ikulemba m'buku lapambali, kuti mayi aja afananitse zotsatira za ziwirizi ndi sitetimenti tisanazimitse yakale.

Chatsala ndi nkhani yomwe code singathe kuigamula. Pulogalamu yofananitsa titaiyendetsa pa miyezi ya m'mbuyo, inatulutsa mndandanda wa mamembala omwe analipitsidwa chindapusa molakwika, ndi wina wa omwe ngongole zawo zinachepetsedwa kawiri, ena mwa iwo atauzidwa kale pa SMS kuti amaliza kubweza. Oyambawo mayi wa zachuma anati awabwezera mosachedwa. Achiwiriwo ndi ovuta, chifukwa kupita kwa munthu amene anakondwera kuti ngongole yatha n'kumuuza kuti ikadalipo ndi chinthu chofuna chigamulo cha bodi, osati cha akauntanti kapena cha mlangizi. Ndinalemba mu lipoti mmene vutolo linayambira m'mawu oti membala wa bodi amene sanagwirepo kompyuta amve, ndinaphatikiza mindandanda yonse iwiri ndi umboni wa m'ma log pa dzina lililonse, ndipo a manijala anaiika nkhaniyi pa ndandanda wa msonkhano wa bodi wa mwezi wamawa.